Tsitsi la Unaisi

Abusa athu, a Trevor Haddow, ali ndi chipsera pa chala chachikulu cha kumanja. Chibwerereni ku Fiji achionetsa pa guwa kambirimbiri, ndipo nthawi zonse mpingo umafa nalo phwete. Amati, "Anzanga anabwera ndi zigoba za m'nyanja, ine ndinabwera ndi mano a mwana." Nanenso ndimaseka, poti n'zoseketsadi. Kungoti iwo akamainena nkhaniyi imathera pomwepo, chikhalirecho m'pamene inayambira.

Ine ndine Noeline. Ndili ndi saluni yanga kuno ku Bundaberg, ndipo theka la mitu ya mumpingo mwathu yachitira imvi m'manja mwanga. Ulendo umenewu sindinaufune. Anandikokera ndi Glenys, mnzanga wa pamtima yemwe pakamwa pake sipapuma. Amuna anga a Des atamwalira ndinkangoti saluni, kunyumba, saluni, kunyumba, mpaka tsiku lina Glenys anandipeza ndikudya nyemba za m'chitini nditaimirira pa sinki.

"Iwe, ukupita nafe ku Fiji, ku nyumba ya ana amasiye ija," anatero.

"Kukatani? Kupenta sinditha. Kuimba ndiye usanene, ndimathamangitsa ndi agalu omwe."

"Anawo ali ndi mitu. Tenga sizasi yako, usandivutitse."

Nyumbayo ili pa chitunda, kunja pang'ono kwa tawuni ya Savusavu. Woyang'anira wake ndi mayi Salanieta, mzimayi wamtali, wa mapewa ngati a munthu wodula nzimbe. Ana onse amawaitana kuti Nana, kutanthauza amayi. Tisanatule n'komwe zikwama anatikhazika pa mphasa pakhonde.

"Alendo anga, malamulo ndi awiri basi," anatero. "Musamuuze mwana aliyense kuti mudzabweranso. Ngakhale mutatsimikiza mumtima, zisungeni momwemo. Ana awa amayang'ana kumsewu. Chinanso, mutu wa munthu kuno sitigwira chisawawa, ngakhale wa mwana. Mumayamba mwapempha. Dzanja likamapita pamutu pa mnzako umati tulou, ndiko kupepesa kwathu."

Tonse tinagwedeza mitu, monga timachitira m'ndege akamatiuza za zovala zoyandamira pamadzi.

Tsono muyenera kuwadziwa abusa athu. Kwathu kuno mwana aliyense wotuluka m'tchalitchi amadutsa pansi pa dzanja lawo, amamusisita kumutu n'kumudalitsa. Dzanjalo limadziyendera lokha, eni ake sadziwa n'komwe. Ana anandanda kuti atilonjere, ndipo kumapeto kwa mzere kunaima kamtsikana ka zaka ngati khumi ndi chimodzi, koonda, tsitsi lake litaunjikana pamutu, kunsonga litafiirira. Diso langa la ntchito linaona nthawi yomweyo kuti mmenemo simunalowe chipeso kwa miyezi.

"Ambuye akudalitse, mwana wanga," anatero abusa, dzanja lili kale pamutu.

Koma inu! Kamtsikana kanangotembenuka ngati mphaka, mano ga! Abusa anakuwa mawu amene sindinawamvepo pa guwa. Pomwe tinkati tidziwe chachitika, mwana anali atazimirira kuseri kwa thanki ya madzi.

Dzuwa litapendeka mayi Salanieta anandiitanira kukhitchini. Anali pa kabenchi kopalira kokonati, manja pa ntchito, maso pa ine.

"Akuti ndinu ometa tsitsi."

"Ndine amene."

"Woluma uja ndi Unaisi. Mayi ake anamwalira chaka chathachi chikutha, abale sanaoneke. Chibwerereni pano palibe wagwirapo mutu umenewo, ngakhale ine. Kusamba amasamba, koma kumutu amavala pulasitiki. Tsopano mwalowa nsabwe, zafika ndi kwa anzake, ndipo kusukulu amubweza mpaka atayera. Lachisanu kukubwera anamwino. Akapeza zili chonchi, ndi mpala basi."

"Ndiye mukufuna ndimupese?"

"Chipeso chingalowe pati, mayi? Lagwirana ngati mphasa. Ndikufuna mumumete."

"Mwini wake wavomera?"

"Sangavomere. Atsikana akuluakulu adzamugwira, ine ndidzakhala ndili kumsika." Anasiya kupala. "Tamverani. Mwana ameneyu atabwera ankangomwa tiyi, chakudya ayi, mpaka nthiti zinayamba kuwerengeka. Pano amadya, koma chokhacho chimene ndamupakulira ine ndi dzanja langa. Ndikamumeta ine, kapena akandiona nditaima pomwepo anamwino akumumeta, ndatha. Sadzalandiranso mbale kwa ine, ndipo sindikudziwa kuti adzailandira kwa ndani. Koma inu Loweruka mukukwera basi. Akadana nanu, chidanicho mupita nacho kwanu."

Ine ndine wa mtima wapachala, a Des akanakhalapo akanakuuzani.

"Ndiye ndauluka mtunda wonsewu kudzakhala dzala lotayako chidani?"

"Eya," anatero, osaphethira n'komwe. "Anzanuwo abwera kudzapenta, tikuthokoza. Koma penti tikhoza kupaka tokha. Ichi n'chimene sitingathe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe zowawa, koma ndinaona kuti maso awo ndi ofiira, ndipo panalibe anyezi pafupi. Mkwiyo unangophwa.

"Ndipatseni mpaka Lachisanu m'mawa," ndinatero. "Zikakanika, ndimumeta ndine."

M'mawa mwake ndinaika mpando pakhonde n'kuyala zida zanga pa tebulo. Ana anaunjikana ngati ndikugawa maswiti. Aliyense ndinkayamba ndamupempha, kenako n'kunena tulou wanga uja, iwo n'kumagubuduka ndi kuseka chifukwa cha katchulidwe kanga.

"Anti, mundimete ngati wosewera ragibe wa pa kanema," anatero wina.

"Ndi mutu wa mbatatawu? Khala bwino, ndiyesetsa."

Unaisi anakhala patali, pa masitepe, akukanda mutu ndi manja onse awiri. Kuseri kwa makutu kunali zilonda. Mtima unkandiuza kuti ndimuitane, koma ana oopa mpando ndawaona ambiri. Ukamuitana ndiye wamuthamangitsa. Ndinachita ngati sindikumuona, tsiku lonse.

Tsiku linalo masana ndinakhala pa mpando womwewo ndikumwa tiyi, miyendo ili tasa. Ndinangomva mawu kumbali kwanga.

"Tsitsi lanu n'loipa."

Ndinapitiriza kumwa. "Zikomo kwambiri."

"Lili ngati ndevu za chimanga."

"Lako lili ngati chisa chimene mbalame zinamenyeranamo."

Unaisi anayamba kundizungulira. "Kumbuyoku n'kokhota. Mumameta anzanu, nanga inu amakumetani ndani?"

Funso limenelo palibe anali atandifunsapo, ngakhale Glenys. Kwa zaka zonse za ukwati wathu, kumbuyo kwa mutu wanga ankandidula ndi a Des, m'khitchini, lilime atatulutsa ngati mwana wophunzira kulemba. Ankadula mokhota, ine n'kumawalalatira, mwezi wotsatira n'kuwapatsanso sizasi. Chimwalirireni iwo ndinkadzidula ndekha ndi magalasi awiri.

"Ankandimeta ndi amuna anga," ndinatero. "Anamwalira. Ndiye ndimadzimeta ndekha. Sindifuna wina agwirepo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "N'zopusa zimenezo."

"Ndikudziwa."

Anatola chipeso pa tebulo n'kupita kumbuyo kwanga. Ndinamva kamawu kotsika, "Tulou," kenako mano a chipeso pakhungu la mutu wanga, pang'onopang'ono, kuchoka pachipumi mpaka pakhosi. Abale inu, ine ndagwira mitu ya anthu moyo wanga wonse, koma ndinali nditaiwala mmene zimamvekera. Misozi inangoyamba kugwera mu tiyi.

"Mukulira? Ndakukokani?"

"Ndi dzuwali."

"Bodza." Anapesabe. Kenako anati, "Ametironi akuti mundimeta mpala." Iye yekha ndi amene sankawaitana mayi Salanieta kuti Nana. "Ndinamva zonse. Thanki ili pansi pa zenera la khitchini."

"Sindikufuna kukumeta. Ndikufuna ndiyese kulimasula. Zipweteka, zitenga masiku, ndipo mwina zikanika. Zikakanika ndikuuza pamaso, sindikuzembera."

"Sizasi ayi."

Ndinatenga sizasi yanga, yomwe ngakhale mwana wanga womubereka sindimulola kuigwira, ndinaikulunga m'thaulo n'kumupatsa. "Ukhalire. Ikhale pansi pako mpaka titamaliza."

Anaiika pa mpando n'kukhalira, msana uli njo.

Tsitsi logwirana suliyamba kumizu. Ukatero umangomangitsa mfundo, mwana n'kulira. Umayambira kunsonga, dzanja lina litagwira pamwamba pa mfundo kuti khungu lisakokedwe, n'kumatola tsitsi limodzilimodzi ndi mchira wa chipeso. Mayi Salanieta anatipatsa botolo la mafuta a kokonati oyenga okha, analiika pa tebulo n'kubwerera kukhitchini. Ndinathira mafutawo mpaka anayenderera m'zigongono. Nsabwe zinkagwera pa thaulo loyera, ana ang'onoang'ono n'kumalimbirana kuziphwanya ndi zikhadabo.

Vuto la Unaisi linali kutembenuka. Nkhuku ikadutsa, watembenuka. Wina akaseka, watembenuka.

"Mutu pamalo!" ndinkakuwa. "Munthu akamapesedwa satembenuka, ngakhale nyumba itayaka moto."

"Ngakhale mfumu itabwera?"

"Mfumuyo idikire."

Glenys anabwera penti ili mbuu mpaka m'makutu. "Mawa akutitengera ku kachilumba kukasambira. Usaiwale chipewa."

"Pitani, mukandisambirireko."

"Iwe Noeline, wabwera ku Fiji kudzaona mutu umodzi?"

"Mutu wake ndi umenewu."

Anayang'ana zala zanga zotupa, anayang'ana mwana, n'kupita. Atabweranso anali ndi pilo wondiikira kumsana, pakamwa ali chete, chinthu chimene sindinachionepo chiyambire kudziwana naye.

Abusa nawo ankabweretsa tiyi, chala chili mu bandeji. Tsiku loyamba anaima kumapeto kwa khonde n'kufunsa, "Ndiike pano, kapena ndichite kuponya?" Unaisi anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Abusa anayandikira, ananjuta mpaka maso awo analingana ndi ake, manja ataika kumbuyo.

"Ndinalakwa, mwana wanga. Anandiuza, ine osamva. Undikhululukire."

Unaisi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chala chanu si chokoma," anatero. Chimenecho abusa sachinena pa guwa.

Anthu amalankhula akakhala pa mpando wanga, chifukwa sindiwayang'ana m'maso. Unaisi nayenso anayamba. Anandiuza za amayi ake, oti ankagulitsa nkhanu ndi chinangwa chophika pamsika, oti ankaseka mpaka kutsokomola. Lamulungu lililonse asanapite kutchalitchi ankamukhazika pakati pa miyendo yawo n'kumupesa, akuimba nyimbo zosokoneza mawu.

"Ankakoka kuposa inu," anatero. "Ndikalira ankandigogoda ndi chipeso."

"Ukufuna nanenso ndizikugogoda?"

"Yesani muone. Mano ndikadali nawo."

Pofika Lachinayi masana, tsitsi lambiri linali litamasuka. Linali lokongola, inu, lakuda bii kumizu, lofewa, loima lokha ngati mtambo. Msana wanga unali utatheratu, zala sizinkapindika, koma mumtima ndinkaimba. Kunatsala chibuma chimodzi chokha, cha pankhongo, cholimba kuposa zonse. Ndinachithira mafuta n'kuyamba kutola. Ndikulowa mkati, mchira wa chipeso unakodwa pa chinthu chosakhala mfundo. Ndinapatula ndi zala. Kanali kachingwe ka tsitsi kolukidwa bwinobwino, kotalika ngati chala changa, kunsonga kwake atamangako ulusi wofiira.

Thupi la mwana linauma pansi pa manja anga.

"Mwakapeza," anatero.

"Ndakapeza."

"Amayi analuka m'mawa umene ankapita kuchipatala. Ankati aluka mutu wonse kuti ndisavutike iwo kulibe. Atangoluka kamodzi anatopa, manja ankanjenjemera. Anati tidzamaliza ndikabwera."

Ndinakweza kachingweko kuti kaonekere padzuwa, ndipo mtima unandigwa. M'kati mwa malukidwe monse munali mazira a nsabwe, oyera mbee, othinana mpaka kumizu. Mankhwala sangalowe mmenemo, chipeso ndiye ayi. Maganizo anandibwerera oti ndingokabisa pansi pa tsitsi linalo, mwina anamwino sakaona. Koma ndinadziwa kuti sabata isanathe mutu wonse udzadzazanso, ine ndili ku Bundaberg, makina ometera ali m'manja mwa wina.

Ndinazungulira n'kugwada kutsogolo kwake. Maondo anga analira ngati chitseko chakale.

"Ndinati ndikuuza pamaso. M'kachingwemu mwadzaza mazira. Sikangakhale momwe kalilimu. Njira zilipo ziwiri. Ndikhoza kukamasula, tsitsi likhala pamutu pako, koma kuluka kwa amayi ako kutha. Kapena tikadule kumizu. Katsala momwe anakalukira, ndi ulusi womwe, ukasunga. Koma pamutu pako sikakhalanso."

"Yachitatu?"

"Palibe, mwana wanga. Ikanakhalapo ndikanaigula ndi saluni yanga yomwe."

Anayang'ana pansi. Ana ena ndinawathamangitsa ndi dzanja. Kukhitchini kunkamveka mapoto, kuseri anzanga ankatsuka mabulashi. Kenako anadzuka pang'ono, anasolola thaulo lija pansi pake n'kulifunyulula. Sizasi inanyezimira. Ndinatambasula dzanja kuti ndiilandire.

Sanandipatse.

"Inu ayi," anatero. "Inu mukupita Loweruka."

"Ndikupitadi."

"Adule munthu woti ndikakwiya ndizimupeza." Anatembenukira kukhitchini n'kukuwa ndi mawu onse, "Nana!"

Kunamveka chikombe chikugwa pa simenti.

Ndisaname, zinandibaya. Masiku onsewo ndi ine amene ndinapindika msana, ndi ine ndinatupa zala, ndipo ndinali nditayamba kumukonda mwana ameneyu moti ndinkalota ndikumulongedza m'chikwama. Koma pa chinthu chachikulucho, dzanja langa analilambalala ngati la munthu wa mumsewu. Ndinachita nsanje, nkhalamba yonse ine. Ndipo pansi pa nsanjeyo ndinadziwa kuti mwana wanena zoona.

Mayi Salanieta anatulukira manja ali onyowa. Ataona sizasi m'manja mwa Unaisi anandiyang'ana ine, diso lake loti tinagwirizana chiyani kodi. Ndinawaonetsa kachingwe kaja n'kuwafotokozera mwachidule. Mzimayi wamkulu uja, woti akakuwa kamodzi ana onse amakhala pansi, anabwerera m'mbuyo.

"Mwana wanga, ine kudula tsitsi sindidziwa."

"Anti akuonetsani," anatero Unaisi.

Mayi Salanieta anandikokera pambali n'kunong'ona, "Mukudziwa chimene mukundichita? Usiku uno sadya."

"Sindinasankhe ine, mayi. Waitana inu. Ichi basi ya Loweruka siinyamula."

Anaima pang'ono, akupuma ngati wakwera phiri. Kenako anapukuta manja pa nsalu yawo, anagwada kumbuyo kwa mpando n'kulandira sizasi ndi manja awiri. Ine ndinakweza tsitsi lonse n'kuligwira pamwamba kuti pankhongo paoneke. Ndinawaika zala m'mabowo a sizasi, ndinawalozera pomwe adule.

"Tulou," anatero, mawu akuduka. "Tulou, mwana wanga. Tulou kwa amayi akonso."

Sizasi inangoti tche, kamodzi.

Unaisi analandira kachingweko m'dzanja, anakayang'ana, kenako analira. Sikunali kulira kwa mwana wogwa kapena womenyedwa. Kunachokera pansi penipeni, moti anzanga kuseri anasiya mabulashi n'kuima. Mayi Salanieta anandiuza pambuyo pake kuti chibwerereni mwanayo anali asanalirepo. Unaisi anatembenuka n'kuyamba kuwamenya pachifuwa ndi zibakera, kachingwe kali m'dzanja, akukuwa, "Mwadula! Mwadula!" Iwo sanamugwire manja. Anangogwada pomwepo, akuti, "Eya, ndadula ndine. Ndili pano." Anawamenya mpaka anatopa, n'kuthawira kuseri kwa thanki.

Chakudya cha madzulo amenewo sindidzachiiwala, ngakhale sindinachilawe. Kunali nsomba zophika mu mkaka wa kokonati, ndi chinangwa. Ana anakhala m'mizere pa mphasa, ife alendo kumapeto. Unaisi analowa mochedwa, maso otupa, tsitsi lili yangayanga, n'kukhala pakona atafulatira aliyense. Mayi Salanieta anapakulira ana onse, mmodzimmodzi, mochedwa dala. Mbale yomaliza anainyamula okha, anapita pakona paja n'kuitambasula.

Unaisi sanatembenuke.

Mkono wa mayi Salanieta unakhala m'malere chomwecho. Glenys anandigwira bondo n'kulifinya mpaka kupweteka. Abusa milomo inkayenda, maso atatseka. Ine kupemphera kwanga n'kwachidule, ndinangoti, Ambuye, musandichititse manyazi, mwanayu adye.

Kenako mutu unatembenuka pang'ono. Unaisi anasuzumira m'mbale, n'kukwinya mphuno.

"Mwandipatsa ya kumchira," anatero. "Mukudziwa kuti ndimafuna ya kumutu."

"Ya kumutu yatha. Idya yomweyo, usandivutitse."

Analandira. Anadya ndi ukali, ngati nsombayo ndi imene yamulakwira, mpaka ananyambita zala. Mayi Salanieta anabwerera pa mapoto awo, anavundikira bwinobwino, anatuluka panja mwaulemu wonse. Nditawatsatira ndinawapeza kuseri kwa thanki komwe kuja, atakhala pa dothi, nsalu ili kumaso. Ndinakhala pambali pawo.

Lachisanu anamwino anabwera, anapatula tsitsi mzere ndi mzere, n'kunena kuti Lolemba mwana apite kusukulu. Kachingwe kaja tinakatsekera m'botolo la jamu lotsuka bwino, ndipo Unaisi analiika pansi pa pilo. Madzulo ake anandipeza ndikulongedza zida.

"Mudzabweranso?"

Mawu oti inde anafika pa lilime penipeni. Ndinawameza. "Sindikudziwa."

Anagwedeza mutu ngati ndakhoza mayeso. "Chabwino. Koma kumbuyoko mupeze munthu. Mukuchititsa manyazi."

Ndinamupeza munthuyo. Ndi Glenys, ndipo amadula mokhota kuposa a Des.

Lamulungu loyamba titabwerako, aliyense anaitanidwa kutsogolo kuti anene zimene anakachita, zithunzi zikuoneka pa khoma. Ena anaonetsa zipinda zopentedwa, ena ana akuimba. Itafika nthawi yanga, khoma linali loyera. Ndinati, "Ine ndinagwirizira tsitsi, wina akudula." Anthu anadikira kuti ndipitiriza. Ndinakakhala pansi.

Chithunzi chimene ndili nacho n'cha m'mutu, cha Loweruka lija m'mawa. Ana onse anatsikira ku geti kudzatiimbira, atatikoleka maluwa m'khosi, ena akulira, ena akukoka zikwama. Ndinamufunafuna Unaisi pakati pawo, osamupeza. Ndinakwera basi mtima uli zii, ndikudziuza kuti ndine wamkulu, sindingalirire kutsanzikana ndi mwana. Basi itayamba kutsetsereka inakhota pamalo pamene khonde limaonekera, ndipo ndinawaona. Mayi Salanieta anali pa mpando wanga uja, Unaisi atakhala pansi pakati pa miyendo yawo. M'manja mwawo munali chipeso changa, chimene ndinachisiya dala pa tebulo. Ndipo ankachilowetsa kumizu, mwamphamvu, ngati akulima.

Ndinakankha Glenys, ndinatulutsa mutu pa zenera mpaka mapewa.

"Kunsonga, mayi! Yambirani kunsonga!"

Anakweza chipeso m'mwamba, kaya anamva kaya ankangotsanzika. Unaisi ndiye anandimva, ndikudziwa, chifukwa kadzanja kanakwera pang'ono kuchoka pa bondo. Koma mutu sanatembenuze. Ankapesedwa.